Mpata Pakati pa Mabogi

Mukadzatsata njanji yakale yopatukira ku Sanjikani, mudzapeza bogi imodzi ya katundu itaima yokha pakhomo pa shedi, zitseko zake zonse ziwiri zili chitsegukire. Dzimbiri laidya, ndipo masana mbuzi zimagona kunsi kwake. Kaya ikupezeni mvula pamenepo, kaya mphepo, musadzagwire zitsekozo. Amene angakuuzeni bwino chifukwa chake ndi Enifa Kachingwe, amake Tamanda, koma iyeyo mukamufunsa amangotsonya n'kuyang'ana kumbali. Ndiye senderani kuno, ndikuuzeni ine.

Njanji ya ku Sanjikani ndi nthambi chabe. Imapatuka pa njanji yaikulu, n'kudutsa m'minda, n'kukathera pa mulu wa dothi kungopitirira shedi. Kale sitima ya katundu inkabwera sabata iliyonse, kudzatula feteleza ndi simenti, kudzanyamula thonje. Koma makasitomala ankachoka mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba. Fakitale ya thonje idatseka. Mwini sitolo yaikulu adagula lole yake. Otsala anali alimi a nandolo okha, ndipo wapampando wa gulu lawo anali Enifa.

Chaka china Enifa anatha nsapato poyendera maofesi a kampani ya sitima kukapempha mabogi, mwana ali kumsana. Lero bwana ali pamsonkhano, mawa bwana wapita kumaliro. Pomaliza bwanayo anatopa naye.

"Chabwino mayi, mwandikwana," anatero. "Lolemba tikusiyirani mabogi atatu, Lachisanu tidzatenga. Tikadzapeza osadzaza, kapena katundu wanu akakakanidwa kudoko la kunyanja yamchere, tidzazula chosinthira njanji pamphambano paja. Nthambi yanuyo imangotimwera dizilo."

Enifa anamva tanthauzo lake. Njanji ikafa, otsala ndi mavenda a malole, aja amagula nandolo ngati akugula madeya.

Lolemba dzuwa litakwera sitima inabweradi, chafutambuyo, injini ikukankha. Pa bogi yotsogola panalendewera bambo wina wamfupi, mbendera yofiira ili m'manja. Ameneyo anali Gondoza, wolumikiza ndi kumasula mabogi. Azimayi a m'gulu anaimba nthungululu. Koma Enifa nthungululu inamuthera m'kamwa ataona zomwe Gondoza amachita. Anamasula bogi imodzi n'kuisiya kumanzere kwa khomo la shedi. Anakupiza mbendera, injini n'kubwerera, ndipo ziwiri zinazo anazisiya kumanja. Pakhomo penipeni, pomwe matumba amatulukira, panatsala mpata woti ngolo ya ng'ombe n'kudutsa osagunda.

"Achimwene, mwasokoneza," anatero Enifa akuthamangira. "Khomo lili apa."

"Ndaliona, mayi," anayankha Gondoza uku akumanga buleki yapamanja.

"Nanga mpatawu ngwa chiyani?"

"Pa Sanjikani timasiya mpata."

"Adalamula ndani?"

"Amene adandiphunzitsa ntchito ankasiya. Amene adawaphunzitsa iwowo ankasiyanso. Ine ndine yani kuti nditseke?"

"Ndiye anthu anga azisenza matumba kuzungulira pamiyala chifukwa cha aphunzitsi anuwo?"

Dalaivala analiza hutala. Gondoza anadumphira pa injini, n'kukuwa ali m'mwamba: "Zina zonse chitani mmene mufunira, mayi, koma mpatawo musaukhudze!"

Shedi ya pa Sanjikani idamangidwa modabwitsa. Pakati pake pali likole lodutsa, kuyambira kukhomo loyang'ana njanji mpaka kukhomo lakuseri, ndipo makomo awiriwo sadakhalepo ndi zitseko. Zipinda za katundu zili uku ndi uku. Kuseri kwa shedi kuli mabwinja, tchire lokhalokha ndi mitengo ya mango yokalamba. Tsidya la njanji, motsetsereka, kuli chitsime chomwe anthu adasiya kutungapo mjigo utabwera. M'mawa uliwonse m'likolemo munkapezeka mzere wa madontho a madzi, ngakhale mwezi wa Okutobala nthaka itang'ambika. Enifa ankawaona kuyambira ali mtsikana. Sadafunsepo. Zinthu zina umangozizolowera ngati chipsera cha pamwendo.

Ntchito inayenda ngati nkhono. Mabogi akanagundana, makomo ake akanayang'anana ndi khonde la shedi, matumba n'kumangolowa podzera pathabwa. Koma chifukwa cha mpatawo makomo anathera kopanda khonde. Aganyu amatsika masitepe thumba lili pakhosi, kuyenda pamiyala yoterera ya m'mbali mwa njanji, kenako kuliponya m'mwamba. Wina anabzungunyuka bondo. Thumba lina linaphulika, nkhuku za mudzi wonse n'kuchita phwando. Pofika Lachiwiri masana, ngakhale bogi imodzi inali isanafike theka.

"A Tcheya," anatero Dayitoni, kapitawo wa aganyu, akupukuta thukuta ndi chipewa, "pamayendedwe awa, Lachisanu lake ndi la chaka chamawa."

Enifa anayang'ana kumapiri. Mitambo inali itayamba kuunjikana, yakuda kunsi ngati mphika. Nandolo wambiri anali panja, pansi pa malona ong'ambika.

Patsinde pa bwemba pafupi ndi shedi pankakhala a Zakeyu, okhoma ndowa. Ntchito ikasowa ankapanga tisitima ta zitini togulitsa kwa ana. Tinali tokongola, koma tonse tinali ndi chilema chimodzi: pakati pake mabogi ankawamanga ndi chingwe chachitali, osagundana. Makolo ankati madalawo amaumira waya.

"Agogo, inu mwakalambira pano," anatero Enifa ataima patsogolo pawo. "Mpatawu ngwa ndani?"

A Zakeyu sanakweze mutu. "Ngwa otunga madzi."

"Otunga madzi ake ati? Aliyense amatunga kumjigo."

"Kuseriko kudali mudzi. Njanji itafika, anthu adauzidwa kuti asamuke. Otha kunyamuka adanyamuka. Ena anali atagona kale, adatsala." Anakhoma ndowa kangapo. "Adakuuza ndani kuti ludzu limathera m'manda?"

Enifa anaseka kuseka kwa mkwiyo. "Ine ndili ndi amoyo, agogo. Ana awo akufuna yunifolomu. Ogonawo adzandigula nandolo?"

"Ine ndimangokhoma ndowa, mwanawe."

Anabwerera kushedi mutu utatentha. "Dayitoni, masulani mabuleki. Tengani migwala, tikankhe."

"A Tcheya, nanga mawu a bambo a mbendera aja?"

"Bambo a mbendera ali m'tauni akumwa tiyi. Mvula ikagwa adzatiumitsira ndi mbendera yawoyo?"

Anyamatawo anaseka. Anapisa migwala kunsi kwa mawilo, wina n'kuyambitsa nyimbo, ndipo mabogi anayamba kusuntha pang'onopang'ono, akulira ngati chitseko chakale. Bogi yapakati inafika pakhomo pa likole. Gu! Zitsulo zinagundana, mpata n'kutha. Pamenepo nkhuku zonse zomwe zimatola nandolo zinadzuka pamodzi n'kuthawa, popanda wozipirikitsa. Patsinde pa bwemba nyundo inasiya kulira. A Zakeyu analongedza zitini zawo dzuwa likadali m'mwamba.

Koma ntchito ndiye inathamanga. Matumba amangolowa pathabwa ngati nyerere. Madzulo anakoka zitseko za mabogi, Dayitoni n'kutsala kugona m'shedi ngati mlonda, ndipo Enifa anapita kwawo akuimba, koyamba mwezi umenewo.

Lachitatu mbandakucha anapeza zitseko zonse ziwiri za bogi yapakati zili pululu, chakushedi ndi chakuchitsime. Mzere wa madontho uja unali utadzera m'bogimo. Koma tsopano sanali madontho okha. Pokwera ndi potsika madzi anali atakhuthuka, ndipo matumba onse oyandikana ndi makomo anali chonyowa. Thabwa lokwerera linasowa. Analipeza tsidya linalo, litatsamiritsidwa pakhomo lakuchitsime, ngati wina amafuna pokwerera. Mgwala umodzi unasowanso. Anaupeza utapanikizidwa kunsi kwa wilo, mbali yokankhira bogi kubwerera komwe idachokera. Pamiyala panali mapale a mtsuko wongosweka kumene, okhala ndi mizere yomwe woumba aliyense wa kuno sajambula.

"Dayitoni! Mlonda wanji iwe? Anthu atsegula mabogi uli mkonono?"

Dayitoni anali atakhala pathumba, bulangete lili kumutu ngakhale kunali kotentha. "Sindinagone, a Tcheya."

"Ndiye waona ndani?"

"Sindinaone munthu. Ndinagona chopingasa m'likolemu kuti wakuba andiponde. Kukuyamba kuyera ndinamva wina pamutu panga akuti, zikomo. Ndinapinda miyendo, poti ndi mwambo. Kenako wina, zikomo. Wina, zikomo. Motsitsa mawu, a Tcheya, mwaulemu. Ndinakhala chipindire mpaka dzuwa."

"Maloto a kachasu amenewo."

"Mwina. Koma lero mupeze mlonda wina."

Nandolo akanyowa sachedwa. Amafufuma, amanunkha, ndipo kudoko amamukana ndi mphuno asanamuone. Enifa analamula kuti matumba onyowawo atsitsidwe, akhuthulidwe pamalona. Ntchito yadzulo inabwerera m'mbuyo. Amayenda uku ndi uku akukalipira aliyense, aganyu, nkhuku, mitambo, ngakhale Tamanda amene anali kumsana, wongoyamba kumene kutchula mawu.

Masana dzuwa lili paliwombo, onse atathawira mumthunzi, Enifa anali yekha pakhomo pa likole, atawerama, akutakasa nandolo palona.

"Zikomo."

Anaona mapazi kaye. Anali otuwa, ong'alukang'aluka, opanda nsapato. Pamwamba pake nsalu yakuda ya biriwita, yomwe sitolo iliyonse idasiya kugulitsa kalekale. Pamutu mtsuko waukulu. Dzuwa linali kumbuyo kwa mtsukowo, moti nkhope inali mumdima.

"Tidzere pati, mwanangu?" Mawu ake anali a mayi wokalamba, ouma ngati makoko a chimanga. "Kukwera kukutivuta. Ena miyendo idatha."

Kumsana Tamanda anauma gwa, tizala take titakanirira m'khosi mwa amake.  Koma kwa Enifa mkwiyo unali pamwamba pa mantha.

"Zungulirani, agogo. Mabogi atatu okha. Aliyense akuzungulira."

"Kuzungulira sitikudziwa. Njira adatisiyira ndi iyi."

"Pirirani mpaka Lachisanu. Inenso ndikupirira."

Kumbuyo kunamveka phokoso, mbuzi italowa m'nandolo. Enifa anacheuka kuikuwira. Pobweza maso panalibe munthu. Pasimenti panali chizindikiro chozungulira, chonyowa, ngati pomwe patulidwa mtsuko. Chinauma iye akuyang'ana.

Sanauze munthu. Madzulo anamanga zitseko ndi chingwe. Lachinayi m'mawa chingwe chinali chitamasulidwa bwinobwino, chitakulungidwa, chitaikidwa pakhonde. Matumba ena anali atanyowanso. Theka la aganyu silinabwere. Otsalawo anati akankhe mabogi abwezere mpata, koma mabogi anali atalemera, migwala imangopindika.

Enifa anayenda khomo ndi khomo kuitana azimayi a m'gulu. Anabwera atamanga zitenje m'chiuno, motsogozedwa ndi Nasibeko, mnzake wa Enifa kuyambira ku chinamwali. Anasenza awiriawiri, akutukwana amuna amantha, akutukwana kampani, akutukwana nandolo yemwe. Mabogi a m'mbali anadzaza. Yapakati inadzaza uku ndi uku, kungotsala kanjira pakati pa makomo awiri, poti matumba anathera pomwepo.

Chisisira chikugwa, bingu linagunda kumapiri. Mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa. Anthu anathamangira kwawo kukaanula zovala, kutsala Enifa ndi Nasibeko. Ulendo uno Enifa anali atabwera ndi waya wokhuthala ndi pulayala. Anakoka chitseko chakushedi, n'kupota waya mpaka dzanja kuwawa. Kenako awiriwo anazungulira mabogi kukatseka chakuchitsime.

Nasibeko ndiye anayamba kuima. Analoza pansi. Kuchokera kuchitsime, kukwera chitunda, kudutsa pamiyala, mzere wa madontho unali utafika kale pakhomo pa bogi. Unali wauwisi. Mvula inali isanayambe.

M'katimo munali mdima wa bii. Munamveka madzi akukhavuka pang'ono, monga amachitira mumtsuko munthu akaima mwadzidzidzi. Wina anatsokomola. Ndiye kuchitseko chakushedi, chomwe Enifa anali atangomanga, kunamveka kugogoda. Osati kwaukali. Kwa munthu wodziwa kuti mwini nyumba ali pafupi.

"Zikomo," anatero mawu m'katimo. "Zikomo kuno."

"Asisi," ananong'ona Nasibeko, "muli anthu."

Madontho oyamba a mvula anagwa pamalata a shedi, akuluakulu ngati miyala. Mphepo imawakankhira m'bogi. Enifa anaganiza zozungulira, kukadula waya, kutsegula. Anaganiza za makomo awiri ali pululu usiku wonse mvula ikulowa uku ndi uku. Anaganiza za nsapato zake zakutha, za nkhope ya bwana uja, za mavenda akuseka pa masikelo awo.

"Muli nandolo," anatero.

Anagwira chitseko ndi manja awiri n'kuchikoka. Chinatseka mosavuta, ngati chodzozedwa mafuta. Anapota waya. Kugogoda kunaleka. Nasibeko anali atathawa kale. Tamanda sanalire njira yonse, ndipo atafika kunyumba anakana kumwa madzi.

Lachisanu sitima inafika kutacha bwino. Gondoza anadumpha injini isanaime. Anayang'ana pomwe adasiya mpata, n'kuvula chipewa.

"Mabogi anu adzaza," anatero Enifa, manja ali m'chiuno. "Kawauzeni abwana anu."

Gondoza anapita pa bogi yapakati n'kutsamiritsa khutu pachitsulo. Kunsi kwake madzi amadontha, tho, tho, tho.

"Ndi mvula yadzulo," anatero Enifa.

"Mvula yadzulo yasankha bogi imodzi?" Anachotsa khutu. "Munatseka nthawi yanji?"

"Chisisira."

"Mayi inu. Mayi inu!"

"Musandiyang'ane choncho. Mukanandiuza zomveka tsiku lija."

"Ndikanakuuzani chiyani? Inenso adangondiuza kuti usiye mpata."

Hutala inalira, dalaivala akuloza dzuwa. Gondoza anamanga zidindo za kampani pamawaya. Sanalendewere pa bogi monga mwa masiku onse. Anakalowa mu injini n'kutseka chitseko. Injini inabuula, mawilo akuzungulira pamalo amodzi, ngati ikukoka phiri. Kenako inanyamuka. Azimayi anaimba nthungululu, koma inatuluka yoonda, yosafika patali.

M'mawa mwake m'likole munali mouma. Tsiku linzake chimodzimodzi. Poyamba anthu anati bola, zatha. Koma a Zakeyu sanabwererenso patsinde pa bwemba. Madzulo kumabwinja kunayamba kumveka kaphokoso, ngati wina akugogoda chikho pamtsuko wopanda kanthu. Agalu amayang'ana komweko, osauwa. Kenako m'nyumba za pafupi madzi anayamba kutha okha. Mayi atunga madzulo, wavundikira bwino, m'mawa ndowa ili gwa, youma mpaka pansi. Chisisira china mjigo unamveka ukupopa, kwii, kwii, anthu atapita n'kupeza chogwirira chikungomaliza kutsika, pansi pali pouma.

"Adatsala kuseriko akudikira madzi," anatero Nasibeko. Anali atakumana ndi Enifa panjira, koma sanamupatse dzanja. "Otunga awo udawakweza sitima."

"Ndidachitira tonse. Iwenso nandolo wako ali momwemo."

"Ine sindidapote waya."

Azimayi anasiya kumupatsa moni pamjigo. Enifa amaimbira foni bwana wa kampani m'mawa ndi madzulo. Dikirani, mayi. Katundu ali m'njira, mayi. Netiweki yakumalire ndi yovuta, mayi. Anafika poponya foni pamphasa.

Patapita masabata angapo, anthu atayamba kubzala chimanga, m'mawa wina hutala inalira kumphambano. Injini inabwera chafutambuyo ikukankha bogi imodzi yokha. Kumbuyo kwake kumatsatira kangolo ka panjanji kodzaza amuna a zovala zowala, atanyamula masipanala akuluakulu. Enifa atangowaona anadziwa.

Inali bogi yapakati ija, koma itasintha. M'ming'alu monse, m'mbali mwa zitseko, kunsi, munatuluka mizu yoyera ndi timasamba totumbuluka, tolendewera ngati imvi. Gondoza anaiimika pakhomo penipeni pa likole n'kumanga buleki. Anali ataonda.

"Awiri aja adalandira," anatero. "Iyi adakana. Kudoko adatsegula pang'ono chabe, n'kutsekanso msangamsanga. Pobwerera, siteshoni iliyonse yomwe taigoneka, alonda amatidandaulira kuti tiichotse. Akuti imapempha njira."

"Awiri adalandira," anatero Enifa. "Awiri mwa atatu. Sangatiganizire?"

"Mawu adali oti katundu akakanidwa, azula. Anthu ndi awo mukuwaonawo. Bogiyi kampani yati siikuifunanso."

"Ndiye thukuta lonse lija? Bondo la mwana wa eni lija? Nsapato zanga?"

Gondoza anatulutsa pulayala m'thumba n'kumupatsa. "Mudatseka ndinu."

Injini inachoka osaliza hutala. Anthu a m'mudzi anaima patali, kuseri kwa bwemba. Enifa anamangitsa mbereko, n'kukwera pakhonde yekha. Waya anali atachita dzimbiri. Anadula, n'kukankha chitseko chakushedi.

Munatuluka mpweya wozizira, wonunkha chuku ndi fungo lina lomwe Enifa anali asanalimvepo, lakuthwa, lokhala ngati la nsomba zouma koma si nsomba. Matumba anali ataphulika, nandolo atamera mumdima mpaka kudenga. Kanjira kapakati kokha ndi komwe kanali koyera, kopondedwapondedwa.

Enifa anasendera kumbali kwa khomo, n'kugwada, n'kuwomba m'manja. Mawu anatuluka movuta, ngati akuzula chitsa.

"Pepani. Dutsani."

Sanakweze maso. Koma kumsana anamva mutu wa Tamanda ukutembenuka pang'onopang'ono, kuchokera kubogi kupita kulikole. N'kubwerera. N'kutembenukanso. N'kubwereranso. Thabwa limalira lokha. Pasimenti madontho amagwa, tho, tho, kulowera kumabwinja. Zinatenga nthawi mpaka mawondo anachita dzanzi. Mwanayo anatulutsa kadzanja m'mbereko n'kuyamba kubayibitsa.

Kenako mapazi otuwa aja anaima pafupi ndi mawondo ake.

"Mudatipititsa kutali, mwanangu. Madzi akumeneko samweka."

"Ndidalakwa, agogo. Koma mwafika nonse."

"Nonse ayi. Atatsegula kuja, mmodzi adatsika kukafuna madzi abwino. Sitima idamusiya." Mtsuko unakhavuka. "Akubwera wapansi. Akutsata njanji. Musatsekenso."

Enifa atakweza mutu, m'likole munalibe kanthu. Madontho anali kuuma, ndipo pouma amasiya zoyera. Mbuzi inabwera n'kuyamba kunyambita. Unali mchere. Kumphambano kumamveka zitsulo, amuna aja akuzula chosinthira njanji.

Anazungulira n'kukadula waya wa chitseko chakuchitsime. Kuyambira tsiku limenelo ndowa za m'nyumba zinasiya kuuma, ndipo mzere wa madontho unabwerera m'likole, kudzera m'bogi, m'mawa uliwonse. A Zakeyu ndi amene adakhoma masitepe a matabwa pamakomo onse awiri, osauzidwa ndi munthu.

Lero Enifa amagulitsa nandolo kwa mavenda monga wina aliyense. Amakangana nawo mpaka mawu kusasa, ndipo amaluza. Upampando adausiya. Koma chimamusowetsa mtendere ndi china. Doko lili kutali, ndipo munthu wosenza mtsuko sathamanga, koma tsiku lina adzafika. Ndiye pamphambano paja, pomwe nthambi yathu inkapatukira, njanji adaidula. Wotsata njanji yaikulu adzangopitirira, chifukwa eni ake adanena okha kuti njira ina saidziwa. N'chifukwa chake chisisira chilichonse mudzamuona Enifa akupita kumphambano. Amaima podukapo, amatsonya, amayang'ana kum'mawa, amadandaula za ndiwo zomwe wasiya pamoto. Mdima ukagwira amanena mokweza, "Njira ndi iyi," n'kubwerera.

Sabata yathayi anabwerako msanga, osalankhula ndi munthu, n'kukakhala pakhonde pa shedi mpaka nyenyezi. Tamanda, yemwe tsopano amapita kusukulu, ndi amene anauza anzake kuti pathabwa la njanji, kungotsala pang'ono kufika pamphambano, adaona chizindikiro chozungulira, chonyowa, m'mbali mwake mutayera.

Ndiye poti takhala pafupi ndi njira chonchi, mukamva wina kumbuyo kwanu akuti zikomo, musacheuke. Ingopindani miyendo, adutse.